Nachisale wa ku Lizulu akufuna kujambulira magazini: kodi ntchitoyi imadyetsa?

"Zikomo bambo. Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Mayeso a Fomu 4 ndidakhoza koma ndalama ya ku koleji idasowa. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe ndi kamera yomwe achimwene anga adabwera nayo kuchokera ku Joni. Koma mtima wanga uli pa zithunzi za nkhani, zija zimatuluka m'magazini. Bambo anga, omwe ndi mlimi wa kachewere, akuti imeneyo si ntchito, bola ndiyambe geni ngati anzanga. Kodi munthu angadye nayo ntchito imeneyi? Ndisiye za maukwati ndisamukire ku Lilongwe? Nanga wopanda dipuloma ndi kamera yodula angamulandire ndani?"

Nachisale, mtima ukhale m'malo, simudachedwe. Ine kamera ndidaigwira koyamba ndili wamkulu kuposa inu, kwathu ku Bembeke, ndipo ndinkajambula zomwezi: maukwati, ana olandira Ukaristia woyamba, matimu a mpira atandanda mizere iwiri, akutsogolo atanyonyomala. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo kuti ndidziwe ngati ndajambula bwino kapena ndadula anthu mitu ndinkadikira mpaka nditakatsukitsa ku Lilongwe. Kuchokera pamenepo ndatha zaka zoposa makumi awiri ndikujambulira magazini, nyuzipepala ndi mabungwe.

Bambo anu musawakwiyire. Akunena zomwe maso awo akuona. Wa geni madzulo amamasula pansonga ya chitenje n'kuwerenga zomwe wapeza, pomwe wojambula amatha miyezi iwiri akulondola malipiro a chithunzi chomwe anthu adachiona kale n'kuchiiwala. Ndisakunamizeni: mwa anzanga onse omwe ndayenda nawo, palibe yemwe adamanga nyumba ndi ndalama ya magazini yokha. Koma kudya ndi kamera n'kotheka ndithu. Omwe apirira pantchitoyi miphika yawo imakhala itatu kapena inayi pamoto, ndipo umodzi mwa miphikayo inu muli nawo kale.

Timvane kaye kuti ntchitoyi ndi yotani, poti ambiri amaisokoneza ndi ya wojambulira nyuzipepala. Wa nyuzipepala amathamangitsana ndi dzuwa. Nduna yadula riboni m'mawa, chithunzi chifike kwa mkonzi dzuwa lisanapendeke, mkuja pepalalo likukulunga mandasi. Wa magazini amapatsidwa masamba anayi kapena asanu ndi limodzi kuti zithunzi zake zifotokoze nkhani yonse, ndipo chomwe amawononga kwambiri ndi nthawi. Mu 1948 magazini ya Life ya ku America idatuma W. Eugene Smith kukajambula dokotala wa kumudzi m'katauni ka Kremmling ku Colorado. Adakhala naye masiku 23, kumutsata kuchipatala, m'makomo mwa odwala, usiku ndi usana. Chithunzi chomwe ojambulafe timachikumbukira kwambiri ndi cha dokotalayo ataima m'khitchini atatha opaleshoni ya usiku, kapu m'manja, maso ali pansi, thupi lonse litalefuka. Munthu wobwera tsiku limodzi sakadalowa m'khitchinimo, ndipo akadalowa dokotala akadawongola msana n'kumwetulira.

Masiku olembedwa ntchito yotere pamwezi, ulendo wonse kampani ikulipira, adapita. Life yomweyo, yomwe idayamba mu 1936 ndipo chithunzi cha pachikuto chake choyamba adajambula ndi mayi, Margaret Bourke-White, idasiya kutuluka sabata ndi sabata mu 1972 otsatsa malonda atathawira ku wailesi ya kanema. Intaneti idadzamalizitsa. Mu 2013 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times idachotsa ojambula ake onse 28 tsiku limodzi, n'kuuza atolankhani olemba kuti azijambula okha ndi foni. Kuno kwathu magazini sadachulukepo n'kale lomwe. Akuluakulu adakula akuwerenga Moni, ku Balaka a Montfort Media amatulutsa The Lamp ndi Together, kenaka pali timagazini ta makampani, mipingo ndi mabungwe. Malo ena omwe zithunzi za nkhani zimalowa ndi masamba a kumathero a sabata a Nation ndi Times, komanso masamba a pa intaneti. Makampani a nkhani akunja monga Reuters, AFP ndi AP amagulanso zithunzi kwa ojambula oima paokha omwe ali komwe nkhani yachitikira. Mukaona bwino, onsewa safuna munthu woti azikhala muofesi. Amafuna munthu yemwe ali kale kumalo komwe iwo sangafike msanga.

N'chifukwa chake za Lilongwe ndikuti dikirani. Kumeneko mukapeza ojambula khumi pa msonkhano umodzi ku hotela, onse akujambula bwana yemweyo ali pa maikolofoni, inu wachikhumi ndi chimodzi, lendi ikukudikirani. Ku Lizulu mulipo angati? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Maukwati musasiye, ndiwo azigula mabatire, mabandulo ndi thiransipoti. Ndipo musawapeputse. Munthu yemwe wajambula pelekanipelekani, anthu akuvina uku ndalama zikuuluka, apongozi akukoka dzanja kuti ajambulidwe, diresi loyera pambali pa nkhope yakuda dzuwa lili paliwombo, waphunzira kale zinthu zomwe ena amakazimva m'kalasi.

Tsono nkhani yanu ili pakhomo panu pomwepo. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 amaidziwa Lizulu: basi ikaima, amayi akuthamanga ndi mabeseni, mbatata ya kachewere itaunjikidwa m'zidebe mpaka kusongoka, kabichi, matimati, anyezi, ndipo ukangodumpha msewu uli ku Mozambique. Ojambula odutsa amatsika mphindi makumi awiri, ajambule milu ya matimati ndi mwana womwetulira, n'kukwera galimoto. Mlendo ndi mame. Palibe yemwe amakhalapo kuti aone komwe mbatatayo yachokera ndi komwe ikupita. Inu mungathe. Sankhani banja limodzi, mulitsate nyengo yathunthu: kusankha mbewu, kupanga mizere m'mapiri a ku Tsangano kukuzizira, kupopera mankhwala masamba akayamba kupsa ndi chiwawu, kukumba, kukangana mtengo ndi wa maoda, kusoka matumba otalika kuposa munthu, anyamata kuwakweza pa lole usiku. Mukapeza ya thiransipoti, kwerani nawo loleyo mukaione mbatata yomweyo ikuthera pa chiwaya mumzinda. Pamenepo muli ndi nkhani ya ndalama, ya malire, ya thukuta la amayi, ya mtengo wa feteleza, zonse m'thumba limodzi. Nkhani zina zilipo. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, malo 127 omwe UNESCO idawaika m'kaundula wake mu 2006, anthu amazijambula ngati miyala chabe, osaonetsa midzi yomwe yazungulira mapangawo. Ku Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo ojambula onse amafika tsiku lenilenilo, koma osoka zikopa ndi ofulula mowa sabata yapitayo sawajambula. Komabe yambani ndi imodzi, muimalize.

Mkonzi wa magazini akamatsegula zithunzi zanu amafuna zoti ayale pa masamba, choncho musamupatse nkhope khumi zofanana. Pakhale chimodzi chotambasuka choonetsa malo onse, phiri, msewu ndi msika. Pakhale cha munthu mmodzi chomwe owerenga angamuyang'ane m'maso. Pakhale cha pafupi kwambiri, manja ong'aluka ndi dothi kapena ndalama za makwacha ndi meticais zitasakanikirana m'mbale. Pakhale cha anthu akuchita kanthu, akukangana kapena akunyamulitsana. Ndipo nthawi zonse jambulaniko zingapo choimika kamera, kumwamba kutatsala malo, chifukwa chikuto cha magazini n'choimirira ndipo dzina la magaziniyo limafuna pokhala. Ine chikuto changa choyamba chidandiphonya pa chifukwa chopusa chomwechi, zonse ndidajambula chogoneka. Za kuwala, kwanu kuno Mulungu adakukonderani. Nkhungu ya m'mawa ya mwezi wa June ndi July imafewetsa kuwala mwakuti nkhope zimaoneka bwino popanda mithunzi ya m'maso. Dzukani nthawi yomwe amayi a pamsika amadzuka. Masana dzuwa likakwera, lowetsani anthu pamthunzi wa khonde kapena pumulani, ndipo poyeza kuwala muziyezera pa nkhope, thambo likayera liyere.

Chomwe chimasiyanitsa mtolankhani ndi kameramani wamba ndi kabuku ka m'thumba. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ake: ndani, akuchita chiyani, mudzi uti, mfumu yaikulu iti, tsiku liti. Dzina muzimufunsa mwiniwake, mulembe, mumuwerengere. Ine ndidalakwitsapo cha ku Mayani, ndidasinthanitsa maina a mafumu awiri, nyakwawa n'kuitcha gulupu, gulupu n'kukhala nyakwawa. Magazini itafika kumudziko ndidaitanidwa, ndipo ndidapita nditanyamula nkhuku. Adandikhululukira, koma mkonzi uja adatha chaka osandituma.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muimvetsetse kuposa zonse, ya umwini wa zithunzi. Chithunzi cha Hector Pieterson, mwana wasukulu yemwe apolisi adamuwombera, atanyamulidwa pa 16 June 1976 ku Soweto mudachionapo. Adajambula ndi Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World. Chidazungulira dziko lonse, koma mwiniwake apolisi adamusautsa mpaka adasiya utolankhani n'kubwerera kumudzi, ndipo umwini wa chithunzi chakecho adaupeza mu 1998, patatha zaka 22. Vutoli ndi lakale. Robert Capa, Henri Cartier-Bresson, George Rodger ndi David Seymour adayambitsa bungwe la Magnum mu 1947 makamaka pofuna kuti manegetivu ndi umwini zizikhala m'manja mwa wojambula, magazini izingogula chilolezo chosindikiza. Ine phunziroli ndidaliphunzira mochedwa. Ndidagulitsa ku bungwe lina chithunzi cha mayi akutsika phiri la Dedza ndi mtolo wa nkhuni, tidagwirizana pakamwa kuti n'cha lipoti lawo la pachaka. Chaka chotsatira ndidachipeza pa kalendala, kenaka pa chitseko cha galimoto lawo, dzina langa palibe. Nditafunsa adati, "Si tidakulipirani?" Ndidalibe kapepala kalikonse.

Choncho musamagulitse chithunzi, muzigulitsa chilolezo chochigwiritsa ntchito. Musanatumize, lembani ngakhale pa WhatsApp pomwe: chituluka kuti, kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, dzina lanu lilembedwa pati, ndalama zingati ndipo zilipiridwa liti. Winayo ayankhe kuti wavomera, uthengawo muusunge. Poonetsa mkonzi tumizani zithunzi zochepetsedwa, zazikulu zipite mukagwirizana. Mafayilo oyambirira, aja osakonzedwa otchedwa RAW ngati kamera yanu imatha, asachoke m'manja mwanu, ndipo muziwasunga malo awiri osiyana, chifukwa memori khadi imafa osatsanzika. Mukadzalembedwa ntchito pamwezi, dziwani kuti kawirikawiri kontirakiti imapereka zithunzizo kwa olemba ntchito, ndiye muiwerenge musanasaine. Dziko lino lili ndi lamulo la kopiraiti la 2016, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA. Wina akadzakuberani chithunzi, jambulani umboni wa pomwe chatuluka, mumulembere mwaulemu kupempha malipiro, akakana pitani ku COSOMA kapena kwa loya. Kutukwanizana pa Facebook sikubweza kanthu. Ndipo wokuuzani kuti "tilibe bajeti koma dzina lanu litchuka" muzimuyankha kuti dzina siligula batire.

Ndalama yooneka kwa ambirife imachokera ku mabungwe, ndipo palibe cholakwika, bola muzidziwa chipewa chomwe mwavala tsiku limenelo. Mukamajambulira bungwe mukuonetsa zomwe bungwelo likufuna zioneke. Mukamajambula nkhani simuuza munthu kuti abwereze kulira, simuvula mwana malaya abwino kuti aoneke wosauka, simufufuta kapena kuwonjezera kanthu pa kompyuta. Ku mpikisano wa World Press Photo wa 2015, chimodzi mwa zithunzi zisanu zilizonse zomwe zidafika chakumapeto chidachotsedwa chifukwa chokonzedwa mopitirira muyeso. Palinso chipondamthengo, kaenvelopu kaja amagawira atolankhani msonkhano ukatha. Ndikudziwa kuti munthu ukakhala ulibe yobwererera kamakoma. Koma yemwe wakupatsa lero, mawa sungamujambule atagwidwa ndi katangale.

Za ulemu sindikuphunzitsani, ndinu mwana wa kwathu konkuno, koma kamera imaiwalitsa. Mudzi uliwonse yambirani kwa amfumu. Pamaliro kamera isatuluke m'chikwama eni mbumba asanalole, ndipo pasiwa ine sindijambula. Gule Wamkulu mujambule pabwalo, akuluakulu a dambwe atavomera, pamalo pomwe akuikani, ndipo zomwe sizionetsedwa kwa osameta musazifunefune n'komwe. Mukafuna kumvetsa zomwe zilombo zosiyanasiyana zimatanthauza, pitani ku KuNgoni ku Mua mukaone zomwe adasonkhanitsa kumeneko. Ana muziwajambula makolo atalola, ndipo mwana wogwiriridwa kapena yemwe ali pa mlandu nkhope yake ndi dzina lake zisatuluke zivute zitani. Mukalonjeza munthu kuti mudzamubweretsera chithunzi, tsukitsani mumupatse. Zitseko zambiri zomwe zidanditsegukira zidatseguka ndi kachithunzi ka m'manja.

Zoopsa zilipo. Peter Magubane, yemwe adalowa ku magazini ya Drum ku Johannesburg ngati dalaivala m'zaka za m'ma 1950 asanakhale wojambula wotchuka, ankabisa kamera m'buledi woboola pakati kuti apolisi asaione, ndipo adatsekeredwapo m'chitolokosi cha yekha masiku 586. Kuno sitidafike pamenepo, komabe pa zionetsero za pa 20 July 2011 atolankhani adamenyedwa, ndipo wonyamula kamera ndiye amaoneka msanga. Pa chipwirikiti muziima cha m'mbali, muzidziwa kothawira, wina kunyumba adziwe komwe muli. Kwanuko samalani ndi malire. Musajambule asilikali, malodibuloko kapena maofesi a pachipata monga Biriwiri popanda chilolezo, ndipo mukadumpha msewu kumbukirani kuti malamulo ndi apolisi ndi a dziko lina. Akadzakugwirani kapena kukulandani kamera, musalimbane nawo, funsani dzina ndi nambala ya wapolisiyo, ndipo uthenga ufike msanga kwa mkonzi wanu ndi ku MISA Malawi, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani.

Pali bala lina losaoneka. M1 imapha, ndipo tsiku lina mudzafika pa ngozi anthu asanawachotse. Kevin Carter, yemwe adajambula mwana wanjala ndi muimba ku Sudan mu 1993, adalandira mphotho ya Pulitzer mu 1994 ndipo chaka chomwecho adadzipha. Zomwe zidamusautsa zidali zambiri, koma zomwe maso ake adaona zidali m'gulu. Ine nditajambula ngozi ya minibasi cha ku Linthipe ndidatha masabata ndikudzidzimuka usiku, nyama osaifuna. Mukadzaona kuti tulo tasowa kupitirira masabata awiri kapena atatu, zomwe mudaona zikubwererabwerera, mwayamba kukwiya msanga kapena kuthawira ku mowa, musadzilimbitse. Uzani munthu yemwe mumamukhulupirira, ndipo pitani ku chipatala cha boma mukafunse woona za maganizo. A St John of God ku Lilongwe amathandizanso pa zimenezi. Ndinenenso ichi poti ndinu mtsikana: mudzakumana ndi abwana ena ofuna kukambirana za zithunzi zanu ku loji madzulo. Kanani, sungani mauthenga awo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support.

Za sukulu ndi kamera sindichulutsa. Palibe mkonzi yemwe adandifunsapo satifiketi asanaone zithunzi. Komabe pepala limathandiza pofunsira ntchito ya pamwezi, ndipo kulemba nkhani, malamulo ndi mfundo za utolankhani zimaphunziridwa bwino m'kalasi. Ndalama za maukwati zikalola, yambani ndi satifiketi ku Malawi Institute of Journalism, digiri ya ku MUBAS idzabwera ikafuna. Pakadali pano pitani ku ofesi ya zofalitsa nkhani pa boma la Ntcheu, komwe kumakhala mtolankhani wa MANA, bungwe la boma lotola nkhani, mukadzidziwitse ndi kupempha kuti muziyenda nawo. Kamera ya achimwene anu ikukwana. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zida zatsopano zidakwera moti kutenga ngongole chifukwa cha kamera n'kudzimangirira. Ndalama ikapezeka gulani batire lachiwiri, memori khadi ina, posungira zithunzi, kenaka lenzi ya 35mm kapena 50mm yogwiritsidwapo kale ntchito.

Mukamaliza nkhani ya kachewere, sankhani zithunzi 12 zokha, ngakhale mutajambula chikwi. Kusankhako kumapweteka, ndiye pezani wina wosakunyengererani akuthandizeni. Lembani mawu a chithunzi chilichonse, muwonjezere kalata ya ziganizo zitatu yonena kuti ndinu ndani, nkhaniyo ndi yotani, ndipo mumakhala komweko. Tumizani kwa mkonzi mmodzi, mudikire masabata awiri, akakhala chete mukumbutseni kamodzi, kenaka pitani kwa wina.

Banja loti mulitsate musalifune kutali. Mwati bambo anu ndi mlimi wa kachewere. Apempheni kuti muziwaperekeza kumunda, khasu m'manja kamera pakhosi, ndipo masiku oyamba muzilima kwambiri kuposa kujambula mpaka aiwale kuti mwanyamula kanthu. Akamakana kujambulidwa nkhope, yambani ndi manja awo akusankha mbewu. Chithunzi choyamba chomwe chituluke bwino mukachitsukitse chachikulu ku Ntcheu boma, muwapatse iwowo mkonzi aliyense asanachione. Zithunzi 12 zija zikakwana munditumizire, tidzasankhire limodzi cha pachikuto.